Kalata yotseguka kwa a Khansala, Amfumu ndi akuluakulu a zaumoyo: agalu omasulidwa usiku akutidanitsa m'dera muno

Olemekezeka a Khansala a wodi yathu, Amfumu ndi nduna zanu, a Wapampando a komiti ya chitukuko, abambo a chitetezo cha m'dera, ndi inu akuluakulu oona zaumoyo ndi ziweto ku khonsolo ya mzinda wathu,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi wa m'dera lomwe lino. Ndakhala muno zaka 16, ana anga ndinalerera muno, ndipo pano ndikusunga adzukulu awiri, wina wa zaka 6, wina wangoyamba kumene kuyenda. Amfumu mukundidziwa. Pamaliro mumandipeza kumaphikidwe, ndalama ya chitetezo ndimapereka mwezi ndi mwezi, ndipo sindinabwerepo pabwalo panu ndi mlandu wa munthu. Ndanena zimenezi kuti musayese kuti wolembayu ndi wokonda mikangano.

Nkhani imene ndabwera nayo ndi yochititsa manyazi kuitchula pagulu, n'chifukwa chake yatenga zaka anthu akungoing'ung'udza kuseri. Ndikunena za chimbudzi cha agalu a eni ake, chimene timachipeza m'mawa uliwonse pakapinga, pakhonde ndi pageti pathu ife amene sitiweta galu. Ndalemba poyera chifukwa ndinayesa kulankhula chamseri ndipo sizinathandize, komanso ndikudziwa kuti m'mizere ina muli amayi ndi abambo amene akuvutika chimodzimodzi koma akusowa poyambira.

Tsiku langa limayamba ndi fosholo. Ndisanakoleze mbaula, ndisanadzutse mwana wa sukulu, ndimazungulira bwalo lonse kufunafuna pamene agalu adzithandiza usiku. Masiku ena ndi pamodzi, masiku ena patatu. Kapinga amene ali kutsogolo kwa nyumba yanga ndinadzala ndekha, mbewu yake ndinachita kukapempha kwa mchemwali wanga, ndipo m'chilimwe ndimamuthirira ndi madzi otsukulutsira zovala chifukwa bilu ya madzi sindingaikwanitse ndikati ndizitsegula mpopi. Ndinamudzala kuti fumbi lichepe m'nyumba ndiponso kuti ana akhale ndi posewerera posalasa. Lero ndi pamene ndimawaletsa kukhala. Pomwe agalu amakodza kawirikawiri kapinga wapsa, pachita mabala achikasu ngati munthu wathirapo feteleza wa yureya wochuluka pamalo amodzi. Koma za kapinga ndi zazing'ono, angathe kuphukanso. Madandaulo anga enieni ndi awa.

Choyamba ndi thanzi la ana, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri sakudziwa. Chaka chatha nthawi ya dzinja mdzukulu wanga wamkulu anayamba kukanda phazi usiku wonse osagona. Titayang'ana tinaona kamzere kofiira kokhotakhota pansi pa khungu, ndipo tsiku lililonse kamatalikirako pang'ono. Anthu ena anayamba kale kunena kuti mwana waponda mankhwala. Kuchipatala anatiuza kuti ndi kanyongolotsi kochokera m'chimbudzi cha galu kapena mphaka. Mazira ake amaswa m'dothi lonyowa, kenako kamalowa pakhungu la munthu amene waponda kapena kukhala pamenepo. Anamupatsa mankhwala ndipo anachira, koma funso limene dokotala anandifunsa linali lakuti, "Agogo, kunyumba kwanu muli ndi agalu angati?" Ndinayankha kuti ndilibe ndi mmodzi yemwe.

Kuchokera pamenepo ndinafunsafunsa kwa odziwa za ziweto, ndipo zimene ndinamva zinandiopsa kuposa phazi lija. Agalu ambiri amene sapatsidwa mankhwala a njoka za m'mimba, makamaka tiana ta agalu, amatulutsa mazira a njokazo m'chimbudzi chawo. Mazirawo saoneka ndi maso. Akakhala m'dothi masabata awiri mpaka anayi amakhwima, ndipo akakhwima amatha kukhala amoyo miyezi yambiri, ngakhale zaka, chimbudzi chija chitauma n'kuzimirira kalekale. Mwana wokwawa amagwira dothi n'kuika dzanja m'kamwa, wina amadya dothi lenilenilo, ndipo tonse amene tinalerapo mwana tikudziwa kuti sungamuletse mphindi iliyonse. Mazira aja akalowa m'mimba mwa mwana amaswa, tinyongolotsi take n'kuyenda m'thupi, nthawi zina mpaka ku chiwindi, m'mapapo, ngakhale m'diso momwe tingathe kuononga kuona. Apa ndiye pali chifukwa chake chimbudzi cha galu chiyenera kuchotsedwa tsiku lomwelo. Chikachotsedwa chikadali chatsopano, mazira amapita nacho asanakhwime. Chikasiyidwa kuti dzuwa liumitse, monga ambiri amachitira m'mphepete mwa msewu ndi pabwalo pomwe anyamata amaseweretsa mpira, ndiye kuti tadzala matenda pamalopo.

Onjezanipo ntchentche. M'dera muno timayanika mphale ndi ufa pamkeka panja. Pali amayi amene amaika beseni la mandasi pageti, ena amakazinga nsomba, ena amagulitsa tomato pabenchi. Ntchentche imene yatera pa zonyansazo ndi yomweyo imene ikatere pa ufa. Mvula ikagwa zonse zimakokolokera m'ngalande, ngalande n'kutsikira kudambo kumene anthu ena amatunga madzi pazitsime zosatetezedwa ndi kuthirira ndiwo zamasamba zimene timagula tonse.

Sindikufuna kukokomeza. Chimbudzi cha galu sichifalitsa chiwewe, chiwewe chimayenda m'malovu galu akaluma kapena akanyambita pabala. Koma galu amene amayenda yekha usiku m'mabwalo a anthu ndi yemweyo amene amakumana ndi agalu achilendo, kulumana nawo, m'mawa n'kupezana ndi mwana wopita kusukulu kapena mayi wolawirira kumpopi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Pafupifupi 40 mwa anthu 100 aliwonse olumidwa ndi ana osafika zaka 15. Munthu zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kulibe. Tsono nkhani ya chimbudzi ndi nkhani ya chiwewe zili ndi gwero limodzi, ndilo geti limene limatsegulidwa usiku kuti galu atuluke yekha.

Chachiwiri ndi mayankho amene timalandira tikapita kukadandaula. Ine ndinapitako kwa aneba anga, mwaulemu, nditavala chitenje, n'kuodira pageti monga mwa mwambo. Ndinasankha nthawi imene panalibe alendo kuti ndisawachititse manyazi. Poyamba anandiseka, n'kunena kuti galu ndi nyama, alibe nzeru, ndikamuuze galuyo. Ulendo wachiwiri anandifunsa kuti ndadziwa bwanji kuti ndi galu wawo, popeza agalu m'dera muno ndi ambiri. Ulendo wachitatu bambo a panyumbapo anatuluka okha n'kundiuza kuti ngati zikundinyansa ndimange mpanda wa njerwa. Anawonjezera kuti galu wawoyo akauwa usiku amathamangitsa akuba a mzere wonse, kotero ndizithokoza.

Mayankho amenewa ndawamvanso kwa ena amene anayesa kudandaula, ndiye ndiloleni ndiwayankhe pano pomwe aliyense akumva. Zoonadi galu alibe nzeru za munthu, n'chifukwa chake ali ndi mbuye wake. Mbuzi ikadya chimanga m'munda mwa wina, kumudzi sitiitanira mbuzi kubwalo, timaitana mwini mbuzi, ndipo palibe amene amatsutsa zimenezo. Nkhuku zikafukula mbewu za mnzako umapepesa. Nanga galu wasiyana pati? Zakuti ndadziwa bwanji, ndinamuona ndi maso anga pawindo, kangapo, ndipo galu ali ndi khalidwe lobwerera pamalo pomwe anadzithandizapo kale chifukwa amatsata fungo. Aliyense woweta galu amadziwa zimenezi.

Yankho la mpanda wa njerwa ndi limene linandipweteka mtima, ndipo a Khansala ndikupemphani mulimvetse bwino. M'dera muno muli nyumba za mipanda italiitali ya njerwa, yokhala ndi waya pamwamba, ndipo muli nyumba za mipanda ya maluwa, ya udzu, ya bango, zina zopanda mpanda n'komwe. Agalu akuluakulu ali m'nyumba za mipanda ya njerwa. Ikakwana 9 koloko usiku geti limatsegulidwa pang'ono, agalu amatuluka, amakadzithandiza kwa ife, n'kubwerera. M'mawa bwalo la mwini galu lili mbee, loyera, pomwe mayi wa lendi amene alibe ngakhale fosholo akuwola ndi kachidutswa ka katoni. Pali nyumba zina kumene wantchito amatumidwa madzulo kukayendetsa galu pa tcheni. Mnyamatayo amaima pakapinga panga, kudikira galu amalize, n'kupitirira. Tsiku lina ndinamufunsa mwachifatse, ndipo anandiuza kuti abwana anamuuza kuti asabwere naye galuyo asanadzithandize kunja. Mnyamatayo sindimuimba mlandu, akuteteza ntchito yake. Koma taonani mmene zilili: amene ali ndi ndalama zogulira galu, tcheni ndi kulemba wantchito, akutumiza zonyansa za pakhomo pake kwa amene alibe ndalama zomangira mpanda, kenako n'kumuuza kuti vuto ndi umphawi wakewo. Zimenezi si chilungamo, ndipo si mmene tinaleredwera kukhala ndi anzathu.

Za kuuwa kothamangitsa akuba, galu amauwa bwinobwino ali mkati mwa mpanda wa kwawo. Galu amene ali mizere itatu kutali akufukula dzenje la zinyalala la munthu wina sakulondera nyumba ya aliyense.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chandikakamiza kulemba, ndi kumene nkhaniyi ikutifikitsa. Munthu akadandaula kamodzi, kawiri, katatu osamveka, amasiya kulankhula n'kuyamba kuchita. Ana aphunzira kugenda galu aliyense amene amuona, ena ndi legeni. Ndamva za galu amene anathiridwa madzi otentha. Mayi wina atatopa anawola chimbudzicho n'kukachisiya pageti pa mwini galu mbandakucha. Inu Amfumu mukudziwa tanthauzo limene anthu athu amapereka akadzuka n'kupeza zinthu zotere pakhomo. Pofika masana nkhani inali itasanduka ya ufiti, ndipo mpaka lero mayiyo ena amamuloza chala akamadutsa. Mabanja awiri amene ankabwerekana mchere ndi makala sapatsananso moni. Pamene panagwa zovuta kubanja limodzi, enawo anangofika mochedwa n'kukhala patali.

Kenako kunabwera tameki. M'mawa wina agalu awiri anapezeka atafa m'ngalande, thovu lili kukamwa, ndipo nkhuku za nyumba ina zimene zinatola zotsala zinafanso. Amene anachita zimenezi sakudziwika, koma aliyense akuganizira mnzake, ndipo ife amene tinadandaulapo poyera ndi amene tikuyang'anidwa ndi diso loipa. Ndikunena pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu kuti sindinachite zimenezo ndipo ndikudana nazo. Imfa ya poizoni ndi yowawa, galu uja sanalakwe kanthu, anangopita kumene anamulola kupita. Ndipo nyama yothiridwa tameki yoponyedwa m'mphepete mwa mpanda siisankha woitola. Mdzukulu wanga wamng'ono amatola chilichonse. Usiku umene ndinamva za agalu aja sindinagone, ndinkangoganiza kuti chikhala kuti kanyama kaja kanagwera mbali ya kuno, bwenzi tikunena zina.

Chachinayi ndi mbali yanu, akuluakulu, ndipo ndilankhula mwaulemu koma mosabisa. Nkhaniyi ndinaitchula pamsonkhano wa chitetezo. Anthu anaseka, ndipo wotsogolera msonkhano anati zimenezo n'zapachineba, tikakambirane tokha, apa tabwerera nkhani zikuluzikulu. Nditapita kuofesi anandiuza kuti ndibwere tsiku lina, oona zimenezo kulibe. Alangizi a zaumoyo amayendera makomo athu, amaona chimbudzi, dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi posambira m'manja, ndipo ntchito imeneyo ndi yabwino, tinaona phindu lake nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023. Koma sindinamvepo akufunsa kuti galu wa pakhomo pano amagona kuti, amadzithandiza kuti, analandira liti katemera.

Mawu akuti "kakambiraneni pachineba" ndi amene akutipweteka. Pakakhala palibe lamulo lodziwika kwa onse, dandaulo lililonse limaoneka ngati chidani cha munthu ndi munthu. Wodandaula amatengedwa ngati wansanje kapena wovuta, wodandaulidwa amaona ngati wanyozedwa pakhomo pake, ndipo wamphamvu ndi amene amapambana. Mayi wa lendi angapite bwanji kukadzudzula landilodi wake za galu, podziwa kuti mwezi ukatha angauzidwe kuti asamuke? Mtsikana wantchito angamuuze chiyani bwana wa nyumba yoyandikana nayo? Koma Amfumu mukaima pagulu n'kunena kuti m'dera muno galu sayenda yekha, ndiye kuti ine popita kwa aneba sindikupita ndi mawu anga, ndikungowakumbutsa zimene tonse tinagwirizana. Mkwiyo umachepa pamenepo. Chimene tikusowa kwa inu kwenikweni ndi chimenechi.

Mphamvu muli nazo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo. Lamulo la zaumoyo wa anthu lili ndi gawo lonena za zinthu zonyansa ndi zosowetsa anthu mtendere pamalo okhala. Lilipo lamulo loona za matenda a ziweto, limene boma limagwiritsa ntchito polamula kuti agalu amangidwe chiwewe chikabuka, ndipo liliponso loletsa kuzunza nyama. Chimene timaona ife n'chakuti zonsezi zimakumbukiridwa pokhapokha munthu akalumidwa, ndiye kumabwera chilengezo choti agalu oyendayenda aomberedwa. Mfuti zikalira masiku awiri, pakatha miyezi ingapo agalu adzadzanso, chifukwa eni ake apeza tiana tina ndipo geti likutsegulidwabe usiku. Akatswiri a zaumoyo ananena kale kuti kupha agalu sikuthetsa chiwewe. Chimene chimathetsa ndi kubaya katemera agalu osachepera 70 mwa 100 aliwonse, chaka ndi chaka.

Ndipo zimenezi zinachitikapo m'dziko mwathu momwe muno. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto a boma, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha ogwira ntchito. Anthu ankabwera ndi agalu awo pamalo oikidwa, ambiri obwera nawo anali ana, ndipo magulu ena ankayenda khomo ndi khomo. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limabaya katemera, kufula agalu aamuna ndi kutseka aakazi kuti asamangoswana. Phunziro limene ine ndimatengapo n'lakuti agalu ambiri amene timawatcha osokera ali ndi kwawo ndipo ali ndi mayina. Galu amene mwana angathe kumumanga chingwe n'kupita naye kukatemera ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo angathe kuuzidwa chochita.

Mwana wanga wina amakhala ku Britain. Amandiuza kuti kumeneko woyenda ndi galu amanyamula timapepala towolera, ndipo ku England wosiya chimbudzi cha galu wake pamalo a anthu onse angathe kulipitsidwa mpaka mapaundi 100 pomwepo, kapena mpaka 1,000 nkhani ikafika kukhoti. Sindikunena kuti titengere zonse za kumeneko. Agalu athu ambiri ndi alonda, ndipo ambiri mwa ife kugula chakudya cha galu cha m'sitolo sitingakwanitse. Ndangotchula kuti muone kuti kwina akuluakulu a mizinda saiona nkhaniyi ngati yoseketsa.

Kwa inu oweta agalu, sindikudana nanu. Bambo anga anali ndi agalu anayi osakira, ndipo ndinakula ndikuwaphikira nsima ya gaga. Ndikudziwa chifukwa chake mumaweta. Akuba atisautsa, magetsi akazima mzere wonse umakhala mdima wokhawokha, ndipo galu amathandiza. Koma kumudzi kuja galu ankadzuka n'kulowa kuthengo, kuno kutauni kuseri kwa mpanda wanu kuli khomo la munthu. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Sindikupemphanso kuti galu azikhala pa tcheni chachifupi usana ndi usiku padzuwa, chifukwa kumeneko ndi kuzunza, ndipo galu wotero ndi amene amalusa. Njira yake ndi yapafupi. Galu amadzithandiza pakangopita kanthawi atadya, ndipo amazolowera malo amodzi. Mupatseni chakudya madzulo, mupite naye pakona imodzi ya bwalo lanu, masiku ochepa azolowera. M'mawa wolani ndi fosholo, mutaye m'chimbudzi chokumba kapena mukwirire m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. Musachiike m'dimba ngati manyowa, chifukwa si chimodzimodzi ndi ndowe ya ng'ombe kapena zitosi za nkhuku. Tsekani mabowo a mpanda. Ntchito yonseyi siitenga nthawi imene ine ndimataya m'mawa uliwonse pa galu amene si wanga.

Tsono, akuluakulu, zimene tikupempha ndi izi:

1. Amfumu ndi a Khansala muitanitse msonkhano wa dera lonse mwezi uno usanathe, nkhani ya agalu ikhale mutu wake weniweni, isakhale yongotchulidwa kumapeto anthu akunyamuka. Eni nyumba za lendi amene amakhala kwina aitanidwe, ndipo mabwana a m'mipanda abwere okha, asatumize antchito.

2. Pamsonkhanopo pakhazikitsidwe lamulo lolembedwa, m'Chichewa, lakuti galu aliyense azikhala pamalo pa mwini wake usana ndi usiku, ndipo potuluka azikhala pachingwe ndi munthu womugwira amene wanyamula chowolera. Limatidwe pa kiyosiki ya madzi, pamsika ndi pachigayo, ndipo liwerengedwe m'matchalitchi ndi kumzikiti.

3. Pakhale njira yodandaulira imene siikumanitsa anthu awiri okwiya. Wodandaula azipita kwa nduna ya Amfumu ya mzere wake, ndunayo ndi imene izikauza mwini galu, ndipo mwini galu kapena womutuma azibwera kudzawola tsiku lomwelo. Koyamba likhale chenjezo. Wobwereza azilipira chindapusa chimene msonkhano ugwirizane, cholembedwa pa lisiti, ndipo ndalamayo iziwerengedwa pagulu. Chindapusacho chikhale chofanana kwa wa mpanda wa njerwa ndi wa mpanda wa udzu, ndipo munthu wa lendi amene wadandaula za galu wa landilodi wake atetezedwe kuti asathamangitsidwe m'nyumba chifukwa cha zimenezo. Mfundo imeneyi ndikuipempha mwapadera, chifukwa popanda iyo ovutika kwambiri adzangokhalabe chete.

4. A chitetezo, popeza mumayenda kale khomo ndi khomo kutolera ndalama ya mwezi, lembani m'kaundula nyumba iliyonse imene ili ndi galu, chiwerengero chake, ndi tsiku limene analandira katemera.

5. Akuluakulu a ziweto mutikonzere tsiku la katemera wa chiwewe m'dera muno chaka chilichonse, lolengezedwa nthawi ikadalipo. Pa 28 Sepitembala dziko lonse limakumbukira za chiwewe, tsiku lathu likhoza kukhala m'sabata imeneyo. Patsikulo pabwerenso mankhwala a njoka za m'mimba za agalu pamtengo wofikirika, ndipo eni agalu auzidwe kuti galu wamkulu amafunika mankhwalawa pafupifupi miyezi itatu iliyonse, tiana ta agalu pafupipafupi kuposa apo. Itananinso mabungwe amene amafula ndi kutseka agalu, kuti tiana tosafunika tisamatayidwe kumtsinje kapena kumsika.

6. Alangizi a zaumoyo awonjezere funso la galu pa zimene amafunsa akamayendera makomo. Apitenso kusukulu kukaphunzitsa ana kuvala nsapato posewera, kusamba m'manja ndi sopo, kusagenda agalu, ndiponso kuti wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

7. Amfumu mulengeze poyera kuti kuthira poizoni n'koletsedwa ndipo wopezeka adzaperekedwa kupolisi. A khonsolo muyendere ogulitsa tameki m'timapepala pamsika, pafupi ndi pomwe pagulitsidwa zakudya.

8. Zinyalala za pamsika ndi zotsala za pogulitsira nyama zizichotsedwa nthawi yake, chifukwa ndi zimene zimasonkhanitsa agalu usiku. Agalu amene apezeka kuti alibedi mwini agwidwe ndi anthu odziwa ntchitoyo, popanda kuombera mfuti pakati pa nyumba za anthu.

Zambiri mwa izi sizifuna bajeti ya khonsolo. Zinayi zoyambazo zikungofuna bwalo la Amfumu, kope limodzi ndi cholembera.

Kwa aneba anga amene ndinabwera pageti panu katatu kaja, mukawerenga kalatayi mudzizindikira, koma dzina lanu sindinalitchule ndipo sindidzalitchula. Ana athu anakulira limodzi. Pamene mayi a kunyumba kwanu anagonekedwa m'chipatala ndinabwera ndi phala, ndipo inunso munandinyamulira katundu pagalimoto yanu tsiku la maliro a amuna anga. Zimenezo sindinaiwale, ndipo ndikufuna tibwerere pomwe tinali. Pamsonkhanopo ndidzakhala nawo, ndipo ngati mwana wanu kapena mnyamata wa ntchito akufuna kuonetsedwa mmene bambo anga ankazoloweretsera agalu malo amodzi, abwere madzulo alionse, ndidzamuonetsa.

A Khansala ndi Amfumu, kalatayi ndaiperekanso pamanja kunyumba kwanu ndi kuofesi, ndipo pa imeneyo dzina langa ndi nambala ya nyumba zalembedwa. Ndikupempha yankho lanu, lolembedwa kapena lolengezedwa pagulu, pasanathe masabata awiri. Mvula yayandikira, ndipo dothi likanyowa ndi pamene tinyongolotsi tija timaswa.

Ine wanu mwaulemu,

Mayi wa m'dera lanu, agogo a ana awiri